Tiseka Ndani? Mbiri ya Stand-up Kuchokera ku America Kufika mu Komboni

Stand-up ndi nchito yooneka yapafupi. Munthu mmodzi akwera pa siteji, agwira maikolofoni, ayamba kukamba. Alibe gitala, alibe ovina kumbuyo, alibe mnzake womuyankha. Pakapita mphindi imodzi anthu osaseka, aliyense m'holo adziwa kuti zinthu zavuta, ndipo palibe pobisala. Ambiri a ife tinaidziwira pa ma DVD a pa msika ndi pa foni, poonerera Kevin Hart, Basketmouth kapena Trevor Noah, mwakuti ena aganiza kuti inabwera ndi YouTube. Koma luso limeneli lili ndi zaka zoposa 100, ndipo m'mbiri yake muli makhoti, ndende ndi misozi.

Tikamakamba za masitayilo a oseketsa timatchula wa nthabwala zifupizifupi, wosimba nkhani zazitali, woyerekeza mawu a anthu ena, wogenda andale, ndi wodziseka yekha. Zimaoneka monga munthu amangosankha sitayilo ngati mmene asankhira nsapato pa salaula. Mbiri ionetsa kuti sitayilo iliyonse inabadwa pamene woseketsa wina anakumana ndi mafunso awiri: wakhala m'holo muno ndani, ndipo tiseka ndani? Mafunso omwewa akuyembekeza mnyamata kapena mtsikana aliyense wa ku Matero, ku Chawama kapena ku Kapata amene lero ayatsa kamera ya foni kuti aseketse anthu.

Chiyambi chake sichokoma

Ku America cha m'ma 1830, mzungu wina dzina lake Thomas Rice anatchuka chifukwa chodzipaka zakuda kumaso, kuvala nsanza ndi kuvina motsimphina, akuyerekeza kapolo wakuda. Munthu woyerekezedwayo anamupatsa dzina lakuti Jim Crow. Masewero a mtundu umenewu, otchedwa minstrel, anakhala zosangalatsa zokondedwa koposa m'dzikolo kwa zaka zambiri. Nthabwala yake inali imodzi chabe, yongobwerezabwereza: munthu wakuda ndi waulesi, ndi wopusa, ndipo ukapolo umam'komera. Dzina la Jim Crow linamera mizu mpaka malamulo a tsankho, oletsa akuda kulowa m'sukulu ndi m'malesitilanti a azungu, anayamba kutchedwa ndi dzina lomwelo. M'masewero amenewa munali gawo lina pamene munthu mmodzi ankaimirira yekha n'kupereka ulaliki wabodza wodzaza ndi mawu opotoka. Gawo limenelo ndi limodzi la magwero a stand-up.

Kuyambira cha m'ma 1880 kunabwera vaudeville, masewero osakaniza oimba, ovina, amatsenga ndi okamba nthabwala, aliyense mphindi zochepa. Mmodzi wa akatswiri a nthawiyo anali Bert Williams, munthu wakuda wobadwira ku Bahamas. Mu 1910 analowa m'gulu la Ziegfeld Follies ku New York, limene linali la azungu okhaokha. Ngakhale anali wakuda kale, ankadzipakabe zakuda kumaso, chifukwa omvera achizungu anazolowera kuona munthu wakuda wa pa siteji m'maonekedwe amenewo. Akamaliza kuwaseketsa, mahotela ambiri sankamulola kugwiritsa nchito chikepe chimene alendo achizungu ankakwera.

Agogo opanda mano

Popeza maholo a azungu anali otsekeka, akuda anali ndi maholo awoawo, amene pamodzi ankatchedwa Chitlin' Circuit. Dzinali linachokera ku matumbo a nkhumba, ndiwo imene akapolo ankasiyiridwa mabwana akadya nyama yabwino. Holo yotchuka pa onse inali Apollo Theater ku Harlem, kumene omvera sankachita manyazi kukuwiza munthu wosaseketsa mpaka atsike.

Kumeneko ndiye kunakulira Moms Mabley, mayi amene dzina lake lenileni linali Loretta Aiken. Akali wachitsikana anayamba kuvala monga gogo: diresi yakutha ya panyumba, chisoti chofwifwa, nsapato zazikulu. Atakalamba zenizeni ankakwera pa siteji alibe mano oikirira. Nthabwala zake zodziwika zinali zakuti amuna okalamba alibe nchito ndipo iye afuna anyamata, koma pakati pa zimenezo ankalowetsamo tsankho, apolisi ndi andale. Mayi wakuda wovala bwino akanakamba zomwezo mwaukali, akanam'tsekera pakhomo. Gogo wopanda mano palibe anamuopa, ndiye anakamba zonse. Mu 1962 anafika mpaka ku Carnegie Hall, holo yolemekezeka ya ku New York. Iyi ndi sitayilo yobisala m'chovala cha munthu wina, ndipo tidzakumana nayonso kuno ku Africa.

Nthawi yomweyo, m'mahotela a kumapiri a Catskill pafupi ndi New York, kumene Ayuda ankapita kukapuma, kunakula sitayilo ya nthabwala zifupizifupi. Katswiri wake anali Henny Youngman, amene ankaimirira ndi vayolini m'manja n'kumaponya nthabwala za chiganizo chimodzi kapena ziwiri, ina pambuyo pa inzake, zambiri zokhudza mkazi wake. Nthabwala zotere zinkagulidwa kwa olemba ndipo zinkabedwa kwambiri, chifukwa aliyense akanatha kuzikamba. Sizinkaulula kalikonse za moyo wa wokambayo, ndipo mwini hotela ankagona tulo podziwa kuti palibe mlendo amene adzakwiya, kupatula mwina akazi ndi apongozi amene ankasekedwa usiku uliwonse.

Pamene nyuzipepala inakwera pa siteji

Zinthu zinasintha mu 1953 pamene Mort Sahl anayamba kuseketsa m'kabala kotchedwa hungry i ku San Francisco. Anasiya suti, anavala juzi, anakwera pa siteji ndi nyuzipepala ya tsikulo m'manja. Ankakamba ngati munthu amene acheza ndi anzake, akudumpha kuchoka pa nkhani ina kupita pa ina, akugenda pulezidenti ndi aphungu. Omvera ake anali ana a sukulu za ukachenjede, anthu otopa ndi nthabwala za apongozi. Kuchokera kwa iye, woseketsa anakhala munthu wokamba maganizo ake.

Lenny Bruce anapitirira pamenepo. Ankakamba za chipembedzo, za kugonana, za tsankho ndi chinyengo cha anthu olemekezeka, pogwiritsa nchito mawu amene anthu amakamba m'bala koma osati pagulu. Mu 1961 anamangidwa ku San Francisco pa mlandu wotukwana, khoti n'kumumasula. Apolisi anayamba kumakhala kumbuyo kwa holo ndi kabuku, akulemba mawu ake. Mu 1964 anamangidwanso ku New York, ndipo ulendo uno anapezeka wolakwa n'kugamulidwa miyezi inayi. Eni mabala anayamba kuopa kumuitana, ndalama zinathera kwa maloya, ndipo mu 1966 anamwalira ndi mankhwala osokoneza bongo ali ndi zaka 40. Boma la New York linam'khululukira mu 2003, patapita zaka 37 ali m'manda.

Dick Gregory anasankha njira ina. Mu January 1961 anaitanidwa kukalowa m'malo mwa woseketsa wina ku Playboy Club ku Chicago, ndipo usiku umenewo m'holo munadzaza azungu amalonda ochokera kumwera kwa America, kumene tsankho linali lamulo. Gregory anali wakuda, wovala suti, wokamba mofatsa, wosatukwana. Anayamba ndi kudziseka yekha, anthu atamasuka anatembenukira ku tsankho lenilenilo, akulionetsa monga chinthu chopusa chimene munthu wanzeru sangachiteteze. Azungu aja anaseka mpaka usiku, ndipo nchito ya tsiku limodzi inasanduka ya masabata angapo. Ataitanidwa ku pulogalamu ya pa TV ya Jack Paar, anakana kupita pokhapokha amulole kukhala pampando n'kucheza ndi mwini pulogalamu monga ankachitira alendo achizungu. Anam'lola. Pambuyo pake anataya ndalama zambiri za m'mabala chifukwa chopita ku zionetsero zomenyera ufulu wa akuda, kumene anamangidwa kambirimbiri.

Mawu 7 ndi wailesi

Ife a pa wailesi tili ndi nkhani yathu m'mbiri imeneyi. George Carlin anali woseketsa wokonda kusanthula mawu: chifukwa chiyani liwu ili ndi lololedwa pamene linzake la tanthauzo lomwelo ndi loletsedwa, ndipo analetsa ndani? Mu 1972 anatulutsa nthabwala yotchula mawu 7 amene munthu sangakambe pa TV, ndipo chaka chomwecho anamangidwa ku Milwaukee atawatchula pa siteji. Mu October 1973 wailesi ya WBAI ku New York, imene imayenda ndi zopereka za omvera ake, inaulutsa nthabwala ina ya Carlin ya mawu omwewo masana. Bambo wina amene anaimva ali m'galimoto ndi mwana wake anakadandaula ku bungwe loyang'anira mawailesi la FCC. Mlandu unakwera mpaka ku khoti lalikulu la dzikolo, limene mu 1978 linagamula, oweruza 5 kutsutsana ndi 4, kuti boma lili ndi mphamvu yoletsa mawu otere pa wailesi nthawi imene ana angakhale akumvetsera. Mfundo ya khotilo inali yakuti munthu wopita ku bala wasankha yekha kukamva, pamene wailesi imalowa m'nyumba popanda kugogoda. Mfundo imeneyo muisunge, chifukwa foni nayo sigogoda.

Richard Pryor

Mukafunsa oseketsa ambiri a ku America kuti mphunzitsi wawo ndani, dzina limene limabwera kawirikawiri ndi la Richard Pryor. Anabadwa mu 1940 ku Peoria, ndipo anakulira m'nyumba ya mahule imene agogo ake aakazi ankayendetsa. Atayamba stand-up anabisa zonsezo. Ankatengera Bill Cosby, amene nthawiyo ankadziwika ndi nkhani zaukhondo za ubwana wake, zosakhudza khungu la munthu. Ndalama zinayamba kubwera. Koma mu 1967, ali pa siteji ku hotela ya Aladdin ku Las Vegas, anayang'ana anthu olemera amene anadzaza m'holo, anasiya maikolofoni n'kutuluka pulogalamu isanathe.

Anakakhala ku Berkeley ku California pakati pa olemba mabuku ndi omenyera ufulu wa akuda, ndipo pobwerera anali munthu wina. Anabweretsa pa siteji anthu a kwawo: chidakwa cha pa kona chimene chidziwa zonse, mnyamata wogwidwa ndi mankhwala, mlaliki, nkhalamba yabodza lokoma yotchedwa Mudbone. Sankawanyoza. Ankalowa m'thupi mwawo, kuyenda monga iwo, kupuma monga iwo, mwakuti omvera ankaseka uku akumva chisoni. Ankatha kukhala galu, nyani, galimoto, ngakhale mtima wake womwe. Atadwala mtima, anasandutsa matendawo nthabwala: mu filimu ya Live in Concert ya 1979 amagwa pansi pa siteji, akukangana ndi mtima wake umene ukum'langa chifukwa cha zakudya zake. Mu 1980 anapsa kwambiri ndi moto ali pa mankhwala osokoneza bongo, ndipo atachira anakamba nkhaniyo yekha pamaso pa anthu.

Pali chinthu china chimene chinam'chitikira kuno ku Africa. Kwa zaka zambiri Pryor ankagwiritsa nchito liwu lachipongwe lija limene azungu ankaitanira akapolo, ndipo linali ngakhale m'maina a malekodi ake. Mu 1979 anapita ku Kenya. Anaona anthu akuda akuyendetsa mabanki, mahotela ndi boma, ndipo anazindikira kuti masiku onse amene anakhala kumeneko liwulo silinabwere m'kamwa mwake, chifukwa panalibe munthu woyenera dzina limenelo. Atabwerera analengeza kuti walisiya, ndipo anafotokoza chifukwa chake mu filimu ya Live on the Sunset Strip ya 1982. Ena mwa om'tsatira anakwiya, poganiza kuti wafewa. Mu 1998 anakhala woyamba kulandira mphoto ya Mark Twain Prize ya oseketsa, ndipo anamwalira mu 2005.

Chimene Pryor anasiya ndi sitayilo yoika moyo wako weniweni patebulo. Nthabwala ya Youngman munthu angaibe, koma ya Pryor singabedwe, chifukwa mwini wake ndi amene anapsa ndi motowo.

Mitsinje inagawikana

Kuchokera m'ma 1980 stand-up inakhala bizinesi yaikulu. Jerry Seinfeld anakulitsa sitayilo yoyang'anitsitsa tinthu tating'ono ta tsiku ndi tsiku, topanda ndale ndi matukwano. Kwathu kuno tingati ndi nthabwala ya kondakitala amene alumbira kuti patsala munthu mmodzi chabe basi inyamuke, pamene theka la okhala m'basimo ndi anzake ongodzaza mipando. Palibe wavulala, ndipo aliyense wokwera minibasi adziona. Joan Rivers ankadziseka yekha pa nkhani ya maonekedwe ndi ukwati asanayambe kuseka anthu otchuka. Eddie Murphy, ndi suti yake yofiira yachikopa mu Delirious ya 1983, anasandutsa woseketsa kukhala ngati woimba wotchuka, koma mu 1996 anapepesa poyera chifukwa cha nthabwala zake zonyoza odwala AIDS ndi amuna ogonana ndi amuna anzawo. Def Comedy Jam, imene inayamba pa HBO mu 1992, inatulutsa Bernie Mac, Chris Tucker ndi ena okamba chilankhulo cha m'misewu ya akuda mosapepesa.

Ku Britain nako kunali nkhondo yake. M'makalabu a anthu ogwira nchito m'mafakitale, oseketsa monga Bernard Manning ankadya ndi nthabwala zonyoza anthu a ku Ireland, a ku Pakistan ndi akuda. Mu 1979 ku London kunatsegulidwa Comedy Store, kumene achinyamata monga Alexei Sayle anakana nthabwala za mtundu wa munthu ndi za apongozi, n'kutembenuzira mkondo kwa boma la Margaret Thatcher.

Ku Africa: chovala, mawu a pulezidenti ndi Pidgin

Ku South Africa nthawi ya apartheid, boma linaletsa masewero ena a Pieter-Dirk Uys. Iye anachita zimene Moms Mabley anachita: anavala diresi, wigi ndi ndolo n'kukhala Evita Bezuidenhout, mayi wachibunu wonyada amene ankati ndi kazembe ku dziko lopeka la Bapetikosweti. Evita ankayamikira apartheid mopitirira muyeso mpaka uchitsiru wake unkaonekera poyera. Kumanga mayi amene akutamanda boma kunali kovuta. Mu 1994 Nelson Mandela anakhala pansi n'kufunsidwa mafunso ndi Evita pa TV.

Ku Kenya, chakumapeto kwa ulamuliro wa Daniel arap Moi, anyamata atatu a pa yunivesite otchedwa Redykyulass anayamba kuyerekeza pulezidenti. Walter Mong'are ankatengera mawu a Moi, chifuwa chake ndi ndodo yake, kenako n'kuyamba kuvina. Kwa anthu amene anakula akunong'ona dzina la Moi, kumuona akuvina pa TV kunachotsa mantha ena. Pambuyo pake Churchill Show ya Daniel Ndambuki inatsegulira achinyamata ambiri chitseko, ngakhale Akenya ena akhala akudandaula kuti nthabwala zambiri za kumeneko zimatsamira pa kuyerekeza kakambidwe ka mitundu.

Ku Nigeria, Ali Baba anaonetsa kuti woseketsa angavale suti, kulipiritsa ndalama zenizeni ndi kuitanidwa ndi mabanki. Night of a Thousand Laughs, imene Opa Williams anayambitsa mu 1995, inafalikira pa makaseti ndi ma CD mpaka kutali ndi Nigeria. Mphamvu yake inali chilankhulo. Basketmouth, I Go Dye ndi anzawo ankakamba Pidgin, chizungu cha mumsewu, ndipo umphawi, magetsi ozimazima ndi apolisi a pa msewu zinamveka bwino m'chilankhulo chimene anthu amavutikiramo.

Mtengo wake sunathe ndi Lenny Bruce. Mu August 2019 ku Harare, Samantha Kureya, wodziwika kuti Gonyeti wa Bustop TV, amene masewero ake ankagenda apolisi ndi boma, anatengedwa usiku panyumba ndi anthu obisa nkhope, n'kumenyedwa ndi kutayidwa. Mu July 2020 ku Uganda, oseketsa anayi a gulu la Bizonto anamangidwa chifukwa cha kavidiyo kosonyeza kuti maudindo akuluakulu a boma ali m'manja mwa anthu a chigawo chimodzi.

Kwathu tinali nazo kale

Maikolofoni ndi holo yolipiritsa pakhomo zinachokera kunja, koma munthu mmodzi wogwira gulu ndi pakamwa pokha si mlendo kwa ife. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, a Julius Chongo ankasimba nthano pa wailesi ya dziko lino m'pulogalamu ya Chinyanja ya Poceza M'madzulo. Anali okha pa maikolofoni, koma ankasintha mawu kukhala mfumu, nkhalamba, mkazi wolongolola, Kalulu ndi Fisi, ndipo m'nthano zawo munkalowa mavuto a anthu osamukira m'tauni. Luso limene Pryor ankatamandidwa nalo, lokhala anthu ambiri m'thupi limodzi, makolo athu ankalimva pa wailesi madzulo. Funsani agogo anu.

Ku Malawi, Izeki ndi Jakobo, amene maina awo enieni anali John Nyanga ndi Eric Mabedi, anaonetsa mphamvu ya anthu awiri okangana, wina wodziyesa wanzeru, wina wooneka wopusa koma wopambana pamapeto. Kuno Bikiloni ndi Difikoti anatenga Chinyanja cha mu komboni n'kuchiika pa TV mmene chilili, ndipo Bob Nkosha anavala chitenje ndi duku n'kukhala Dorika. Dorika ndi mbumba imodzi ndi Evita ndi Moms Mabley: munthu wopeka amene aloledwa kukamba zimene mwini wake sangakambe ndi nkhope yake. Daliso Chaponda, Mmalawi wobadwira muno mu Zambia mu 1979, anafika pa nambala 3 mu Britain's Got Talent mu 2017 poseketsa azungu ndi mmene iwo amaonera Africa, njira yofanana ndi ya Dick Gregory. Kwawo ku Malawi anaopsezedwapo ndi akuluakulu a boma chifukwa cha nthabwala yokhudza mbendera.

Ndiye pali chimbuya. Angoni ndi Abemba anamenyana m'zaka za m'ma 1800, ndipo nkhondo itatha udani unasanduka nthabwala zimene lero zakuta anthu onse a kum'mawa ndi a kumpoto. Mbemba akuti ndiwe wodya mbewa, iwe umuyankha za nyani, nonse museka. Atonga ndi Alozi ali nacho chawo. Anthu ena amatenga chimbuya monga chilolezo chonyoza mtundu uliwonse, koma chimbuya chili ndi malamulo okhwima. Amene ukumuseka ali pomwepo ndipo ali ndi ufulu wobwezera. Ndi mbuya wako, osati mtundu uliwonse umene wakumana nawo. Ndipo mbuya yemweyo amene akuthira unga kumutu pa maliro ndi amene agwira nchito pa malirowo ndi kusonkhetsa ndalama zothandiza ofedwa. Kuseka kumabwera pamodzi ndi udindo. Minstrel inalibe chilichonse mwa zitatuzi: wosekedwa sanali m'holo, sakanayankha, ndipo womusekayo sankam'thandiza kalikonse.

Chitsanzo chabwino choyesera malamulowa ndi Trevor Noah. Iye anabadwa mu 1984 ku Johannesburg kwa mayi wachixhosa ndi bambo mzungu wa ku Switzerland, nthawi imene chikondi chotere chinali mlandu, ndipo sitayilo yake ndi ya munthu woima pakati, wosintha zilankhulo ndi kakambidwe, woona mtundu uliwonse ndi maso a mlendo. Ndi imene inam'fikitsa pa The Daily Show kuchokera mu 2015 mpaka 2022. Mu It's My Culture ya 2013 anasimba za ulendo wake wa ku Zambia, ndi mmene anthu ankakondwera ndi ma escalator, masitepe oyenda okha aja a pa mall. Ionetseni kwa anzanu lero, mudzaona ena akugwa ndi phwete, ena akukwinya nkhope. Oseka adzati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo zimene anakamba zinalidi kuchitika. Okwinya adzati anakasimbira anthu a ku South Africa, dziko lolemera kuposa lathu, ife kulibe kuti tiyankhe. Onse awiri agwira mbali ya choonadi, ndipo mkangano wawo ndi mafunso awiri aja: m'holo munali ndani, ndipo ankasekedwa ndani.

Foni ilibe chitseko

Woseketsa wa lero mu Lusaka, Chipata kapena Kitwe ali ndi mwayi umene Moms Mabley analibe. Safunika mwini holo kuti amulole, afunika chabe foni ndi ma bundle. Malamulo nawo anasinthako: mu December 2022 gawo 69 la Penal Code, limene linkapereka chilango chofika zaka zitatu kwa wonyoza pulezidenti, linachotsedwa. Koma gawo 70, loletsa mawu osonyeza chidani, chipongwe kapena kunyoza anthu chifukwa cha mtundu, khungu kapena kumene achokera, likalipo, ndipo malamulo a pa intaneti anawonjezera zina zofunika kuzidziwa munthu asanaponye vidiyo.

Chachikulu chimene foni yasintha ndi holo. Pryor ankaona nkhope za omvera ake, ndipo nthabwala ikalasa molakwika ankadziwa nthawi yomweyo. Kavidiyo ka masekondi 40 kamachoka m'manja mwako n'kukafika kwa anthu amene sanamve chiyambi chake, sadziwa kuti amene ukumuseka ndi mbuya wako, ndipo ena a iwo ndi eni ake a chilema, chibwibwi kapena umphawi umene wayerekeza. Nthabwala zoseka wamisala wa pa msika, mtsikana wonenepa, wachialubino kapena mlonda wosadziwa chizungu zimabweretsa ma like mwamsanga, monga mmene Jim Crow ankadzazira maholo. Ndi zapafupi kupanga chifukwa anthu amenewo sayankha.

Amene maina awo akumbukiridwa m'mbiri imeneyi anapeza zoseketsa kwina: mwa iwo eni, mwa anthu amphamvu kuposa iwo, kapena m'mavuto amene iwo ndi omvera awo ankasenza pamodzi. Zimenezo kuno sizisowa. Pali load shedding imene imadikira kuti nsima ifike pothira ufa, pali landilodi amene amva fungo la nyama ya lendi yosalipidwa, pali ma interview ofuna zaka zisanu za luso kwa munthu amene wangomaliza sukulu. Ukalemba nthabwala yako yotsatira, yerekeza kuti amene ukumusekayo wakhala pa mpando wa kutsogolo, ndipo pambuyo pako maikolofoni ipita kwa iye. Ngati ungaikambebe akukuyang'ana, ikambe.